Funsani Malume: makayaki, maboti ndi anyamata a manja ataliatali

Mwezi uno mafunso ambiri abwera a za m'madzi, kaya ndi chifukwa choti kwayamba kutentha anthu ayamba kutsetserekera ku Nkhata Bay Loweruka lililonse kaya, ndiye ndasankhapo angapo ndawaika pamodzi. Amene munafunsa za mapuloti dikirani kaye mwezi wa mawa.

FUNSO: Malume, ine ndimakhala ku Katoto muno mu Mzuzu, nyumba ya lendi, mpanda ulipo wa njerwa koma ndi waufupi. Chaka chatha ndinagula kayaki, kabwato kopalasa kaja, kwa mzungu wina amene ankagwira ntchito kuno akubwerera kwawo, ija ya pulasitiki yomwe umakhala pamwamba, ya munthu mmodzi. Ndikapeza mpata ndimaikweza pa galimoto kupita nayo ku gombe la Chikale ku Nkhata Bay. Vuto ndi loti imagona panja kuseri kwa nyumba poti mnyumba siingalowe, ndiye sabata yatha aneba anawabera njinga ndi silinda ya gasi usiku umodzi, pano tulo sindikuliona. Ndaiyang'ana paliponse sindikuona poti ndingakolekepo loko. Nditani?
Mphwanu wa ku Katoto

YANKHO: Mphwanga, pokoleka palipo, wangopadutsa ndi maso. Itembenuze kayakiyo uone pansi pake. Poti wati ndi yokhala pamwamba, ili ndi mabowo angapo ochokera pomwe umakhalapo kutulukira pansi, aja amatulutsa madzi funde likakuthira. Mmenemo ndi momwe mudutse waya. Gula waya wachitsulo wonenepa bwino, wokutidwa ndi pulasitiki, wokhala ndi maso mbali zonse ziwiri, ulowetse pa bowo limodzi utulukire pansi ndiye nkukhoma. Munthu wofuna kuichotsa osadula waya akuyenera kucheka kayakiyo, ndipo kayaki yochekedwa pakati palibe angaigule. Koma wayayo asakhale wokokakoka, msiye wolendewera, chifukwa mabowo amenewo ndi pomwe pulasitiki imakhala yosalimba kwenikweni, ukamakoka tsiku ndi tsiku pamang'aluka ndipo madzi amayamba kulowa mkati iwe osadziwa, umangoona bwanji lero ikulemera chonchi uli kale pakati pa nyanja.

Chimene ambiri amachita, chomwe ine ndimaseka ndikachiona, ndi kukoleka tcheni chachikulu cholemera pa kogwirira ka kutsogolo kaja. Kogwirirako ndi kachingwe chabe kapena ndi komanga ndi tisikuluwu tiwiri. Mpeni wosendera mbatata ukwanira. Mmawa upeza tcheni chako chili bwinobwino ndi loko yake, chikulondera kachingwe.

Tsopano mbali inayo ya waya ikupita kuti? Apa mpamene pali nkhani. Osamangirira ku paipi ya madzi, aidula nkukusiyira chigumula ndi bilu. Osamangirira ku mtengo wa papaya kapena mzati wa thabwa wa khonde. Pita kwa owotcherera, kaya ku Luwinga kaya ku Chibavi ali mbwee, akupindire chitsulo chija amamangira nyumba chikhale ngati ringi yokhala ndi miyendo yopindika, ukumbe dzenje lofika mbondo, uthiremo konkire, ringiyo ingotulukira pamwamba. Thumba limodzi la simenti silitha nkomwe. Poti ndi nyumba ya lendi uwauze kaye alandilodi, ambiri sakana bola uwalonjeze kuti posamuka udzadula nkukwirira.

Loko nayonso usagule ya pa tebulo la mumsika ija makiyi ake amatsegula maloko a anthu onse mu layini yanu. Funa yolemera, yomwe chitsulo chokhota chija chimabisika mbali zambiri kuti chodulira chisapeze pogwira. Ndipo isagone pansi. Loko yogona pa simenti munthu amangoimenya ndi hamala kawiri katatu yatseguka, pomwe yolendewera mmwamba ilibe potsamira, kuimenya imangothawa. Mvula ya kuno ukuidziwa wekha, imatha kugwa mpaka mwezi wa Meyi ndi Juni kuli mawawa, ndiye uzidonthezamo oyilo pafupipafupi ndi kuiveka chibotolo chodula pamwamba, apo ayi tsiku lina udzakhala iwe mwini wake ukuvutika ndi sowo anzako akukudikira pa geti.

Koma ndikuuze zoona aise, palibe waya amene sadulika. Waya amangogula nthawi ndi phokoso. Chimene chikukutetezera kwambiri ndi kukula kwa chinthucho. Kayaki ngati yakoyo ndi mamita atatu kapena anayi, makilogalamu 20 mpaka 30, sichinthu choti munthu angaike mthumba kapena kukwera nacho pa sakaramento, njinga ya kabaza ija, kudutsa mtauni anthu osatembenuka. Wakuba silinda ya gasi amaigulitsa dzuwa lisanatuluke, koma wakuba kayaki ku Mzuzu, makilomita pafupifupi 50 kuchoka kunyanja, akufunika galimoto ndiponso akufunika akhale atapeza kale wogula. Ndiye kuti kayaki siibedwa mwangozi ndi munthu wongodutsa. Amaiba ndi amene anaiona kale, nkuganiza, nkukonza. Chifukwa chake isamaonekere kumsewu. Ifunditse lona lakuda kapena lobiriwira, osati kuisiya ili psuu kufiira kuseri kwa mpanda waufupi. Lonalo likuthandizanso pa dzuwa, poti dzuwa limaumitsa pulasitiki mpaka imayamba kuthetheka. Ndipo zithunzi za pa Facebook zija uzijambula uli ku Chikale, osati pakhomo geti ndi nambala ya nyumba zikuoneka.

Nkhafi, jekete loyandamitsa ndi mpando, izi zokha zigone mnyumba, pansi pa bedi olo. Zimenezi ndi zomwe zimapita msanga, ndipo nkhafi ya mbali ziwiri ija sungaipeze mu shopu wamba muno mtauni.

Chomaliza kwa iwe, ndipo uchite lero lomwe. Kumbuyo kwa kayaki, nthawi zambiri mbali ya kumanja, pali nambala yodindidwa kapena yolembedwa mu pulasitiki momwemo, zilembo ndi manambala 12, zochokera ku Ulaya zimakhala ndi zilembo ziwiri zina kutsogolo zosonyeza dziko. Imakhala yaing'ono, mwina upake dothi lonyowa kuti iwerengeke. Ijambule, ujambulenso kayaki yonse mbali zonse pamodzi ndi zipsera zake, pomwe inakhulika pa mwala, pomwe panamatidwa. Zithunzizo udzitumizire pa imelo, zisangokhala mu foni poti foni nayonso imabedwa. Kenako tenthetsa msomali ulembe chizindikiro chako pamalo obisika, mkati mwa kachipinda kosungira katundu kapena pansi pa mpando, mopepuka osaboola. Penti pa pulasitiki ya mtundu umenewu sagwira, amasupuka ndi chikhadabo. Mzungu uja ngati nambala yake ukadali nayo mpemphe akulembere mawu awiri pa WhatsApp oti anakugulitsa, atchulemo nambala ya kayakiyo ndi tsiku.

Za pa galimoto: malamba omangira aja si loko ayi. Kuima pa Mpamba kugula nthochi palibe vuto, uli pompo ukuiona. Koma ngati ukugona ku Nkhata Bay galimoto ili panja, dutsitsa waya yemwe uja pa bowo uzungulize ku kaliyala, kapena itsitse uilowetse mkati mwa mpanda wa komwe wagonako.

FUNSO: Agogo anga akuti bwato satseka ndi loko, amatsirika, wakuba akaugwira amangozungulira pomwepo mpaka kucha. Malume inu mukuti bwa?
Mdzukulu, Chiputula

YANKHO: Ine ndi agogo sindikangana nawo kkkk. Chomwe ndikudziwa nchakuti mbiri yoti pakhomo paja mpotsirika imaopsa anthu ena ndithu, koma amene akubwera ndi galimoto ndi chodulira zitsulo ambiri samva zimenezo. Agogo achite mbali yawo, iwe ugule tcheni.

FUNSO: Malume, ndili ndi kamalo kogona alendo cha ku Chintheche, ine ndimakhala ku Mzuzu kuno ndimapitako kumapeto kwa sabata. Tinali ndi makayaki atatu obwereketsa alendo, mwezi wa Julayi imodzi inasowa usiku. Mlonda akuti sanaone kanthu. Ine ndikukayikira asodzi a pa doko loyandikana nafe chifukwa amadutsa pa mchenga wathu usiku ndi usiku. Ndikuganiza zomanga mpanda mpaka mmadzi ndi kuchotsa mlondayo.
Bambo wa ku Chimaliro

YANKHO: Bambo, musanamange mpandawo ndikufunseni, usiku umenewo makayakiwo anagona pati? Ngati anagona pa mchenga pafupi ndi madzi monga ndimaonera mmalo ambiri, woyamba kumukayikira ndi mwera. Mwezi wa Julayi ndi pakati penipeni pa nyengo yake, umayamba cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ukuchokera kummwera chakummawa, ndipo usiku umodzi funde limatha kukwera mtunda woti masana simungakhulupirire. Bwato wa mtengo ndi wolemera, umakhala. Kayaki yopanda munthu imangonyamuka. Kumbukiraninso mmene nyanja inakwerera mu 2024, mchenga womwe anthu anazolowera kusiyapo zinthu unamira, malo ogona alendo ambiri madzi analowa mpaka mzipinda. Ndiye tumani mnyamata ayende madoko a kumpoto kwanu kulowera ku Nkhata Bay ndi chithunzi mu foni, afunse mwaulemu, mwina ili kuseri kwa nyumba ya munthu amene anaitola ndipo akungodikira mwini wake abwere ndi kangachepe.

Tinene kuti inabedwadi. Apobe mpandawo ine sindikuuvomereza. Asodzi amene mukuwakayikirawo ndi anthu okhawo amene amakhala maso nthawi yomwe mlonda wanu akuwodzera. A usipa amalowa mmadzi usiku ndi nyali, amatuluka mbandakucha, amadziwa bwato uliwonse ndi boti lililonse la mdera lawo ngakhale mumdima. Kayaki ikadutsa pamadzi kapena kukwezedwa pa galimoto pa msewu wa M5 usiku, pali wina pa dokopo amene anaona. Funso ndi loti akuuzani chifukwa chani? Mukawatsekera njira yomwe makolo awo ankadutsa kale inu musanagule malowo, mwatseka pakamwa pawo basi, ndipo mpanda wolowa mmadzi ukubweretseraninso milandu ina kwa amfumu ndi ku khonsolo.

Pa doko lililonse lodziwika pamakhala komiti ya pa doko, ija amati BVC, yomwe imagwira ntchito ndi a Fisheries potsatira lamulo la za usodzi la 1997. Pitani mukaonane ndi wapampando wake, mudzere kwa amfumu, mupite nokha osati kutuma. Musakayambe ndi mawu oti anthu anu andibera. Nenani kuti katundu wanga wasowa ndithandizeni kufufuza, wopeza ndimuthokoza. Nsomba za alendo anu muzigula pa doko lomwelo. Ana a mmudzimo nawonso, paja ena amangofuna kulawa mmene chimayendera chinthucho nkukachisiya mmabango poopa kukalipidwa, bwanji osawapatsa tsiku limodzi pa mwezi azipalasa pafupi ndi gombe atavala majekete wamkulu akuwayang'anira?

Ku polisi kapereni lipoti ngakhale papita nthawi, ndi nambala ndi zithunzi, ndipo mutenge kalata yake. Tsiku lina zikadzachitikanso musadikire kufika Loweruka, imbani mmawa womwewo kuti uthenga ufike pa marodibuloko, chinthu cha mamita anayi pamwamba pa galimoto sichibisika. Tumizani chithunzi kwa anzanu a malo ogona alendo kuyambira ku Kande mpaka ku Chitimba, ngakhale ku Senga Bay ndi Cape Maclear, chifukwa wogula kayaki mdziko muno nthawi zambiri ndi munthu wa bizinesi ngati yanu yomweyo. Ogwira ntchito pa doko la Ilala auzeninso, katundu wopita ku Likoma ndi Chizumulu amadutsa mmanja mwawo.

Makayaki awiri otsalawo akhomereni chimango cha mitengo kumtunda kwenikweni pafupi ndi pomwe mlonda amakhala, waya mmodzi adutse monsemo, nkhafi zikagone mu stoo. Dzina la malo anu liwotchedwe mu pulasitiki ndi zilembo zikuluzikulu poonekera, iwonongeke maonekedwe pang'ono palibe kanthu, mlendo sadandaula koma wogula zakuba amadandaula. Mukhalenso ndi kope lolembamo amene wabwereka, nthawi yotuluka ndi yobwerera. Kopelo si la akuba okha ayi, ikakwana nthawi munthu sanabwerere mudziwe msanga kuti pali munthu pamadzi amene mwina ali pamavuto, pamenepo za kayaki muiwale kaye muthamangitse boti.

Za mlonda, ndingofunsa: ndi yemweyo amatchetcha kapinga masana? Ngati ndi choncho ndiye mwalemba munthu wogona, ndipo wina amene mumulembe adzagonanso. Tochi yowala, wenzulo ndi mayunitsi a foni ali nazo?

FUNSO: Ndamva kuti kuli timakina tobisa mu boti toti foni izikuuza komwe lili. Timagwira kuno?
Wophunzira, Luwinga

YANKHO: Tilipo mitundu iwiri. Tina ngati AirTag tilibe netiweki yakeyake, timadalira kuti pafupi padutse munthu wa iPhone, ndiye ganiza wekha ma iPhone angati amadutsa pa doko la ku Ruarwe. Mtauni tingathandizeko. Tina ndi ta GPS toikamo simu ya TNM kapena Airtel, timeneti ndi tabwinoko koma timafuna kutchaja ndi bandulo, ndipo kuseri kwa mapiri a kumpoto kwa Nkhata Bay komanso pakati pa nyanja netiweki imadukaduka. Pa injini ya mamiliyoni ndi zomveka. Pa kayaki yakale, ndalamayo bola ugulire waya wabwino. Ndipo kakakuonetsa komwe kuli katundu usapiteko wekha ndi anzako a ku hostelo, tenga apolisi.

FUNSO: Malume, ine ndimagulitsa usipa mu msika waukulu wa Mzuzu. Ndinatenga ngongole ku banki mkhonde nkuwonjezera zanga ndagula boti la matabwa ndi injini ya Yamaha 15, zili ku Usisya anyamata akugwiritsa ntchito, ine ndimapitako mwa apo ndi apo poti msewu wake mukuudziwa. Mnzanga wa pa doko lomwelo anamubera injini, mpaka lero. Ndikuopa, ngongole sindinamalize.
Mayi wa ku Mchengautuwa

YANKHO: Mayi, mantha anuwo ali pamalo pake, poti pa zonse takambazi injini ndi yomwe akuba amaifunadi. Boti la matabwa aliyense pa gombe amalidziwa, kulibisa nkovuta. Injini ya 15 ndi makilogalamu osafika 40 kapena kupitirira pang'ono, imagwira ku thabwa la kumbuyo ndi zomangira ziwiri zopota ndi manja, anyamata awiri mphindi zochepa aichotsa, ndipo ogula ali mbali zonse za nyanja. Ikawolokera ku Mbamba Bay ku Tanzania kapena tsidya la Mozambique, kapena ikaphwasulidwa nkugulitsidwa ngati masipeya, kuipezanso nkovuta zedi.

Ndiye lamulo loyamba, injini isagone pa boti. Akangotuluka mmadzi ichotsedwe ikalowe mnyumba yokhoma momwe mukugona munthu, ndipo mnyumbamo imangidwenso ndi tcheni ku chitsulo cha mu simenti. Anyamata adzadandaula kuti ndi yolemera tatopa, inde atopa, koma muumirire. Nthawi yomwe ili pa boti masana akudikira kulowanso, zogwirira za zomangira ziwiri zija zili ndi timabowo, amazitembenuza ziyang'anizane nkudutsitsa loko imodzi, zikatero sizipotoka. Thanki ya petulo, paipi yake ndi kachingwe kofiira kozimitsira kaja azichoka nazo.

Nambala ya injini ili pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pa chomangira chomwecho. Ilembeni mu kope, ijambuleni, muisunge pamodzi ndi risiti kuno ku Mzuzu osati kunyanja. Poti akuba amayamba nkuchotsa nambalayo, pitani nayo kwa makaniko akukhomereni chizindikiro chanu pa chitsulo mkati, malo awiri, amodzi odziwa inu ndi iye basi. Chivundikiro chake chipakeni penti wonyansa, wachikasu ndi pinki olo, yoti munthu ali patali anene kuti iyo ndi injini ya mayi aja a usipa. Makaniko ameneyo mukhale naye pa ubale, amakaniko a mmadoko amadziwana ndipo injini yobedwa tsiku lina imafuna kukonzedwa. Botilo likhale mkaundula wa a Marine, a boma oona za maboti aja, ndi chiphaso cha a Fisheries, mapepala amenewo ndi amene amakuyankhulirani pa polisi.

Koma nkhani yaikulu pa inu ndi yoti muli kutali. Injini zambiri sizibedwa ndi mlendo wosadziwa pomwe imagona. Sindikunena kuti anyamata anu ndi akuba ayi, ndikunena kuti pakhale munthu mmodzi wodziwika amene injini ili mmanja mwake, mulemberane pamaso pa a komiti ya pa doko ndi amfumu, ndipo gawo lawo la nsomba kapena ndalama lizituluka pa nthawi yake mosabisa. Munthu amene akuona kuti injini imeneyi ikudyetsa ana ake amaigonera pafupi. Amene mwamukongola miyezi itatu, wina akamunong'oneza za ndalama ya msangamsanga amamvetsera. Eni maboti pa dokopo muthanso kusonkherana kulipira alonda awiri osinthana, zimatsika mtengo kusiyana ndi aliyense payekha. Ndipo muwauziretu anyamatawo kuti akadzagwira munthu asadzamumenye kapena kumuotcha, mlandu udzatembenukira iwo ndi inu mwini boti, amutengere kwa a chitetezo cha mmudzi ndi ku polisi.

FUNSO: Wina pa Facebook akugulitsa kayaki ya anthu awiri motchipa kwambiri, akuti ndi ya abwana ake anamusiyira. Akuti tikumane madzulo ku Zolozolo ndibwere ndi kashi. Nditenge?
Achimwene anu, Chibanja

YANKHO: Achimwene, mwina nzoona, azungu ambiri pochoka amasiyiradi antchito awo katundu. Koma mufunseni zinthu zitatu muone mmene ayankhire. Akutumizireni chithunzi cha nambala ya kumbuyo, akupatseni njira yolankhulira ndi abwanawo kapena kalata yomwe anamusiyira, ndipo mukaione masana pakhomo pomwe imakhala. Ngati pamalo pa nambala pali popalidwa kapena posungunulidwa, kapena pambali pakuoneka kuti panali dzina lafufutidwa ndi sandipepa, bwererani. Ngati nkhafi palibe ndipo sakudziwa komwe zili, dabwaninso, munthu wopatsidwa amapatsidwa zonse.

Malamulo a dziko lino amati kulandira katundu ukudziwa kapena uli ndi chifukwa choganizira kuti ndi wobedwa ndi mlandu pawokha, ndipo mtengo wotsika mopanda nzeru ndi kukumana mumdima ndi zomwe woweruza adzakufunseni. Kupatula apo mukaipalasa kuti? Malo opalasira ndi omwewo a Chikale, Chintheche ndi Kande, komwe mwini wake kapena mnzake adzaizindikira tsiku loyamba lomwelo, mudzataya kayaki ndi ndalama zomwe. Zonse zikakhala bwino, lemberanani kalata yogulitsana yokhala ndi nambala ya kayaki, nambala ya chitupa cha unzika cha wogulitsayo ndi mboni imodzi, ndipo ndalama mutumize pa Mpamba kapena Airtel Money ku nambala ya dzina lake lomwelo kuti pakhale umboni.